Malo a Dzina Limodzi

Kompyuta inafika ku ofesi ya bungwe la alimi la Tikolole m'chaka cha 1996, chimanga chitayamba kuuma m'minda. Inabwera pa vaneti itakutidwa m'bulangeti ngati wodwala, ndipo eni mashopu oyandikana nawo anasiya makasitomala n'kudzasuzumira pazenera. Ofesiyo inali kachipinda kamodzi kuseri kwa msika wa Kapata m'tauni ya Chipata, konunkha mankhwala a thonje ndi matumba a feteleza. Mlembi wake anali Ezekiel Soko, bambo wa imvi zongoyamba kumene, wophunzira ku mishoni ya Tamanda, munthu wosadziwa kuthamanga ngakhale mvula imupeze panjira.

Amene anabweretsa makinawo anali Ireen, mtsikana wogwira ntchito ku bungwe lina lothandiza alimi. Atalumikiza mawaya, anaika patebulo timapaketi tiwiri ta madisiketi.

"A Soko, kompyuta payokha ndi chitsulo chabe," anatero Ireen. "Chimagwira ntchito ndi pulogalamu imene mwaikamo. Nawa mapulogalamu awiri. Onse ndi osungira mbiri ya minda: mwabzala chiyani, mwakolola chiyani, ng'ombe zadya chiyani. Muwayese onse, musankhe imodzi. Komiti yanu yanena kuti musankhe ndinu, poti wodzaigwiritsa ntchito ndinu. Koma mukasankha, kwatha. Minda ya mamembala onse tidzailowetsa mmenemo, ndipo sitidzayambiranso."

Ntchitoyi inamupeza Ezekiel mtima uli wosweka kale. Mkazi wake Sesiliya anali atamwalira m'dzinja lomwelo, atadwala nthawi yaitali matenda aja amene masiku amenewo anthu sankawatchula dzina. Ndipo Ezekiel mwiniyo anali ataboola kale bowo latsopano pa lamba wake, koma za zimenezo sankauza munthu.

Iye anali Mngoni wa ku Madzimoyo amene anakakwatira kwa Achewa ku Kasenengwa. Makolo a Sesiliya anakana ng'ombe za malowolo, amvekere mwana wathu si thumba la nshawa, ndiye Ezekiel anakhala chikamwini. Abale inu, chikamwini mukuchidziwa. Nyumba umanga kwa mkazi, munda ulima wa mkazi, ana ubereka ndi a kwa mkazi. Tsiku limene mkaziyo wagona, akuchikazi amakusudzula, kukumasula kuti ubwerere kwanu. Amayankhula mwaulemu, inde, manja ali pachifuwa, koma njira imene amakulozera ndi yotulukira. Alfonsi, mlongo wake wa Sesiliya amene anali mwinimbumba, anali atanena kale kuti mwambowo udzachitika anthu akatha kukolola.

Nyumba Ezekiel sinkamudetsa nkhawa, njerwa ndi dothi chabe. Chinkamusowetsa mtendere ndi Tiyanjane, mwana mmodzi yekhayo amene anakula mwa ana onse amene Sesiliya anabereka. Tiyanjane anali namwali tsopano, wolimba m'manja ngati mayi ake. Pa mwambo wa kumeneko, munda wa m'mbali mwa dambo umene Ezekiel anaulima kuyambira ali mnyamata unali kudzakhala wa Tiyanjane, ndipo Tiyanjaneyo anali wotsala pamudzi. Wopita anali bambo ake.

Mundawo unalinso ndi nkhani yake. Kumeneko mkamwini sabzala mitengo, chifukwa wobzala mtengo ndiye kuti akuti pano mpanga. Ezekiel anabzala. Atagula ng'ombe ziwiri zamkaka, anazunguliza mundawo ndi mitengo ya lukina, ndipo kumunsi kwake anabzala mizere ya nsenjere, kuti ng'ombezo zizidya zobiriwira ngakhale m'chilimwe. Anthu ananong'ona, koma Sesiliya anawatseka pakamwa. "Munda ndi wanga, ndamuuza kubzala ndine. Alipo ali ndi funso?" Funso panalibe. Tsopano woyankha choncho anali kumanda.

Ezekiel anayamba kuyesa mapulogalamu aja, akutayipa ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno. Yoyamba inali yopepuka, yachangu, yosavutitsa mutu. Inkayamba ndi kufunsa dzina la mwini munda, ndipo china chilichonse, chimanga, thonje, nshawa, chinkalowa pansi pa dzinalo. Malo a dzina anali amodzi basi. Yachiwiri, ha, inali ngati apongozi! Mafunso osatha. Inkayamba ndi munda, uli kuti, nthaka yake ndi yotani. Kenaka inkafunsa kuti nthakayo ndi ya yani, ndipo payokha inkafunsanso kuti akulima ndani, kuyambira chaka chiti mpaka chaka chiti. Inkafuna kudziwa zopita m'nkhokwe ndi zopita kukhola zomwe: mapesi, masamba a nshawa, udzu wodula. Munda umodzi wokha unkatha theka la m'mawa.

Poti woyesera ankafunika munda weniweni, Ezekiel anatenga wa kudambo uja, umene ankaudziwa ngati chikhatho chake. Mu pulogalamu yoyamba, pa malo a mwini munda, chala chinalemba chokha dzina la Sesiliya. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakumbuka kuti wakufa sakolola, nalifufuta chilembo chimodzichimodzi. Analemba lake. Pagalasi la kompyuta panaoneka zilembo zobiriwira zonena kuti mwini munda ndi Ezekiel Soko.

Zaka zonse zimene anawerama m'munda umenewo, kuzula zitsa, kuthira manyowa, kukwirira ngalande, panalibe munthu ndi mmodzi yemwe anamutchulapo choncho. Chitsulo chosadya nsima ndicho chinayamba kumutchula.

Nkhani siigona. Masiku amenewo kunali kutangobwera lamulo latsopano la malo, ndipo m'mabawo ndi m'mashopu anthu ankati munthu wokhala ndi pepala losonyeza kuti munda ndi wake atha kukapempha taitolo, chikalata cha boma cha umwini wa malo, n'kukhala kuti palibenso womusuntha. Kaya zinali zoona zonse, kaya theka, koma akamwini a m'bungwemo atamva kuti kuli pulogalamu yolemba dzina limodzi, anayamba kubwera ku ofesi wina pambuyo pa mnzake, aliyense akunamizira kuti wadzafunsa za mbewu. Ezekiel anafunsa Ireen mosabisa.

"Pepala la bungwe si taitolo, a Soko," anayankha mtsikanayo. "Koma ndikanena kuti silingamuthandize munthu pa mlandu wa malo, ndiye kuti ndakunamizani."

Lamlungu lotsatira, Ezekiel ali kudula nsenjere kudambo, Alfonsi anabwera akuchokera ku Misa, akadali m'jekete. Sanali munthu woipa, Alfonsi. Pa matenda a mlongo wake anagulitsa njinga yake kuti apeze mankhwala. Koma pa za mwambo anali mwala.

"Alamu, tamva kuti kutauniko mwapeza makina olemba minda," anatero atapereka moni.

"Alipo, alamu."

"Ine sindikudani, Mulungu andione. Mwakhala nafe bwino. Mlongo wanga munamusunga mpaka tsiku lomaliza, ena akadathawa. Koma mlendo ndi mame, alamu. Munda uwu analima agogo ake a Sesiliya, analima amayi ake, ndipo adzalima Tiyanjane. Mitengo iyi tinakhala chete chifukwa cha malemu. Tsono mukaonjezapo pepala, mutiyambitsa mlandu umene ine sindiufuna, ndipo mitengoyi ndidzaidula ndi nkhwangwa yanga."

"Nanga mwana?" anafunsa Ezekiel. "Mwana ndi wanga."

"Mwana munabereka ndinu, koma mbumba ndi yanga. Atsala."

Tiyanjane anali pafupi, akumanga mitolo ya udzu, ndipo anamva zonse. Amalume ake atapita, anasenza mtolo umodzi, nayenda pang'ono, kenaka anautula pansi mwaukali.

"Atate, lembani dzina lanu."

"Iwe, nkhani za akulu."

"Ndamva anthu akunena kuchigayo. Akuti mukalemba dzina lanu sangakuchotseni. Lembani, atate. Amalume akalipa, akalipa, adzatopa. Ine ndekha pano sinditsala."

Ezekiel anapitiriza kudula nsenjere. Koma pobwerera kunyumba anamva thupi lapepuka, ndipo madzulo ake anadya bwino koyamba chichokere maliro. Mumtima anali atasankha kale pulogalamu yoyamba ija. Anali ndi zifukwa zabwino zouza komiti: ndi yachangu, ndi yosavuta kuphunzitsa wina, magetsi a m'Chipata akathima sutaya zambiri. Zonsezo zinali zoona. Munthu akafuna chinthu, zifukwa zimamera zokha ngati bonongwe pa khola lakale.

Ndiye ku ofesi kunabwera Bwezani, mkulu wake wa Ezekiel wa bere limodzi, atapalasa njinga kuchokera ku Madzimoyo, kumbuyo atamangirira tambala. Anali wansangala, wa mawu okweza, wokonda mng'ono wake zenizeni. Anayang'ana kompyuta ija uku ndi uku, naigogoda ndi chala.

"Ndiye chimenechi? Ha! Iwe Ezekiel, Mulungu wakukumbukira. Lemba dzina lako msanga, Achewa aja asanadzuke. Anakugwiritsa ntchito ngati ng'ombe ya pangolo, lero akuti pita? Iyayi. Lemba."

"Ndikuganiza zomwezo, akulu."

"Usaganize, chita. Ukalemba, mundawo walowa kwa a Soko. Ukudziwa kuti kwathu malo atha. Ana anga aamuna akulimbirana kamunda kamiyala kaja ka kuphiri. Dambo ngati lako lija, lokhala ndi udzu wa ng'ombe chaka chonse, alipeza kuti?"

Ponena zimenezi maso a Bwezani anatsikira pa mkono wa mng'ono wake, pamene wotchi inali itayamba kuseweraseweza, ndipo anawachotsapo msanga. Ezekiel anaona.

"Ana anu alowapo bwanji, akulu? Ine ndilipo."

"Ulipo, ulipo, Mulungu akusunge. Koma tonsefe ndi apaulendo. Ndikunena za m'tsogolo."

"M'tsogolo muli Tiyanjane."

"Tiyanjane ndi mwana wamkazi," anatero Bwezani mofatsa, ngati akukumbutsa mwana kuti moto umaotcha. "Adzakwatiwa, adzalima kwa mwamuna wake. Chuma cha mwamuna chimabwerera kwa abale ake, kwathu timatero, iwenso ukudziwa. Sitidzamutaya, ndi magazi athu. Akadzasowa pokhala adzabwera kwathu."

Analibe njiru m'mawu ake, ndipo chimenecho ndicho chinamuzizira Ezekiel m'mafupa. Akadakhala wakuba, bwenzi atamutulutsa mu ofesi. Koma uyu anali mkulu wake, akunena mwambo wa kwawo monga mmene Alfonsi ananenera wa kwawo. Ezekiel anakulira ku Madzimoyo. Ankadziwa mmene zimakhalira maliro a mwamuna akatha, abale atakhala pabwalo, katundu atatulutsidwa panja, ana aakazi ataima patali. Pepala lomwe likadamusunga iye pa munda wa Sesiliya likadatsala m'manja mwa Bwezani tsiku limene iye wagona. Ndipo tsikulo, kalanga ine, Ezekiel ankalimva m'thupi kuti silinali kutali.

Bwezani atapita, tambala atamusiya pakhomo, Ezekiel anakhala pampando osagwira kanthu mpaka msika unayamba kutsekedwa. Anayesa kudzinyenga. Anati mwina ndilembe dzina la Tiyanjane mu pulogalamu yoyambayo. Koma ndiye iye sakadaonekamo ngakhale pang'ono, ndipo akamwini ena onse akadalemba awo, ana a eni nthaka n'kufufutika m'bungwe lonse. Anati mwina ndikhala zaka zambiri, madokotala amanama. Koma panalibe dokotala amene anamuuza kanthu, ankamuuza ndi lamba.

Komiti inakumana pakhonde la ofesi, chifukwa m'kati simukadakwana anthu. Akamwini anabwera ambiri kuposa masiku onse, ena osakhala n'komwe a m'komiti. Ezekiel anaimirira, manja ali kumbuyo monga anaphunzitsidwira ku Tamanda.

"Ndayesa onse awiri," anatero. "Ndasankha yachiwiri."

Panabuka phokoso. Wina anati ndi yochedwa. Wina anati mafunso ake ndi a ukazitape. Bambo wina wa ku Kasenengwa komweko, mkamwini mnzake, anaimirira mwaukali.

"A Soko, mwapenga? Inuyo ndi amene akukusudzulani mwezi wamawa! Mpeni mwaugwira kuchigwiriro, mukuupereka kwa eni ake?"

"Yachiwiri imalemba udzu wa ng'ombe, yoyamba siilemba," anayankha Ezekiel. "Imalolanso chimanga, maungu ndi nyemba m'munda umodzi, monga timalimira ife. Koma sindikubisirani, chachikulu si chimenecho. Yoyambayo ili ndi malo a dzina limodzi. Minda yathu kuno ili ndi anthu awiri, mwini nthaka ndi wolima. Tikalemba mmodzi, winayo tamupha. Ine mwana wanga sindimupha."

"Ndiye mwadzipha nokha," anatero bambo uja, natenga chipewa chake n'kumapita. Ena anamutsatira. Amayi awiri a m'komiti anangoyang'ana pansi. Wapampando anati mawu ndi omwe aja, wosankha ndi mlembi, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Munda woyamba kulowa mu pulogalamu yosankhidwayo unali wa kudambo. Ireen anakhala pambali kuti athandize. Pa mwini nthaka Ezekiel analemba Tiyanjane. Pa wolima analemba dzina lake, ndi chaka chimene anayamba, 1971. Analemba chimanga, nshawa, lukina, nsenjere, ndi ng'ombe ziwiri zodya mmenemo. Panatsala kabokosi kamodzi, kofunsa kuti wolimayo walima mpaka liti.

"Apo mutha kusiya popanda kanthu, a Soko," anatero Ireen chapansipansi. "Siikakamiza."

Ezekiel anapukuta magalasi ake ndi nsonga ya malaya, nawavalanso. Analemba 1996.

Anamusudzula mu Juni, kukuzizira, minda ili mbee. Mwambo unayenda mwaulemu. Akulu a mbumba anayamika mkamwini wawo, anati anali munthu, anati pakhomo mpotsegula akafuna kudzacheza. Alfonsi ananena pamaso pa onse kuti mitengo ija siidulidwa, poti tsopano ndi ya mwana wa mlongo wake. Za zimene zinachitika pakhonde la ofesi ku Chipata anali atamva, koma sanazitchule, ndipo Ezekiel sanayembekeze kuti azitchule. Ng'ombe zamkaka zija, zimene zinali zakezake ndipo akadatha kupita nazo, Ezekiel anazipereka kwa Tiyanjane anthu onse akuona, kuti pasadzapezeke wozilondola. Bwezani, amene anabwera kudzatenga mng'ono wake, anatukwana chamumtima n'kutsogola yekha kumsewu.

Tiyanjane chimvereni nkhani ya kompyuta sanayankhulepo ndi bambo ake kupatula moni. Ankaphika, ankaika madzi osamba, ankachapa, koma pakamwa anatseka. Tsikulo anasenza sutikesi ya bambo ake osapemphedwa, ndipo awiriwo anatsata njira ya kumsewu waukulu. Anadutsa m'mbali mwa munda uja. Ezekiel, posowa chonena, anayamba kulangiza.

"Nsenjere uzidula mzere umodzi, winawo uzisiya uphuke. Lukina usamazipatsa yekhayekha, uzisakaniza ndi mapesi. Masamba a nshawa uwaike pa thandala, chiswe chingawadye. Ndipo mvula ikagwa usachoke pamudzi, ngakhale umve chiyani. Munda ukagona chaka chimodzi, amayi ako aang'ono aubzala, ndipo kuwachotsamo ndi mlandu."

Anafika pamsewu. Bwezani anali ataima patali pansi pa mtengo wa mango, atawafulatira. Mtsikanayo anatula sutikesi pansi.

"Ku Madzimoyo si kutali," anatero Ezekiel. "Ndizibwera. Ku ofesi ndikadalipo, ukabwera kutauni uzindipeza."

"Mpaka liti?"

Ezekiel anayang'ana kumene kuchokere galimoto.

"Muyesa sindiona, atate? Malaya anu ndimachapa ndine. Mbale yanu ndimachotsa ndine, nsima itangotsinidwa pambali. Chifuwa chanu ndimachimva kuchipinda kwanga. Amayi anayamba chomwecho." Mawu ake anali osakweza, koma misozi inali ikutsika, osaipukuta. "Ndinakupemphani chinthu chimodzi. Munda sindinakupempheni ine."

"Mwana wanga, ndikadalemba dzina langa, akadakulanda. Ndikanangotseka maso, akadakulanda zonse."

"Akadalanda! Munda ndi dothi, atate, ndikadalima pena. Ine ndimafuna masiku amene akutsaliraniwo, ngakhale akhale ochepa bwanji. Mwawapereka kuti ndikhale ndi udzu wa ng'ombe."

Ezekiel ankadziwa kuti sanalakwe. Ankadziwanso kuti mwanayo akunena zoona, ndipo ziwirizi zinamupweteka pamodzi, moti anachita kugwira mtengo wa m'mbali mwa msewu.

Fumbi linaoneka kutali. Bwezani anakweza mkono, vaneti yodzaza matumba a thonje inaima. Bwezaniyo anaponya sutikesi pamwamba, nakwera. Ezekiel anaponda tayala kuti akwere, mwendo unakana. Anayesanso, unakananso. Tiyanjane anabwera kumbuyo, namugwira m'chiuno, namukweza. Anamukweza mosavuta, ndipo onse awiri anadziwa chifukwa chake.

"Amayi ndinawatseka maso ndine," anatero Tiyanjane, manja akadali pa chitsulo cha galimoto. "Inu adzakutsekani ndani?"

Dalaivala analiza hutala, nafunsa ngati mtsikanayo akukwera kapena akutsala.

"Akutsala," anayankha Ezekiel.